Mayeso Omwe Palibe Anawaona

Mwanayo anabwera kudzayamwa m'mamawa, monga anachitira dzulo ndi dzana. Anali kumsana kwa agogo ake, mayi wamtali wosadziwa kunong'ona, amene anaima pa kauntala ya polisi n'kulankhula kuti aliyense amve.

"Ndabwera naye mlendo wa mkaidi wanu. Kapena nayenso mungomutsekera, tisamavutike ndi maminibasi."

Sajeni, wapolisi wamkazi, anatenga makiyi yekha. Kutsegula chitokosi inali ntchito ya makonsitabo, koma mayi amene anali m'katimo anamumanga ndi iyeyo, Lolemba, pa sukulu ya anamwino, aphunzitsi ndi ophunzira akuonerera pa mazenera. Mayiyo anali mlembi wa pa sukulupo, ndipo onse ankangomutchula kuti mayi wa taipi. Anatuluka, n'kukhala pa benchi, n'kulandira mwana wake kwa apongozi akewo osayang'ana munthu. Bulauzi yake inali itauma gwa pachifuwa ndi mkaka wa usiku.

Lolembalo mlanduwo unkaoneka wosavuta. Sukuluyo inali itagula pulogalamu ya kompyuta yopanga yokha mafunso a mayeso. Zotsatira za mayeso omaliza zitatuluka, ophunzira amene chaka chonse ankakwawa kumchira anapezeka ali pamwamba, ndipo odziwika ndi nzeru anagwa chagada. Mkulu wa sukuluyo, aPulinsipolo, anaitana apolisi kuti mafunso abedwa. Kiyi wa chipinda cha kompyuta ankasunga ndi mayi wa taipi, nambala yachinsinsi ankaidziwanso ndi iye yemweyo. Sajeni sanafunse zambiri. Anatulutsa unyolo.

Chimene sanauze munthu n'chakuti pa bolodi la zotsatira, pa nambala yachitatu, panali dzina la mng'ono wake, amene kwawo ankangomutchula kuti Mzime, ndipo ankakhala naye nyumba imodzi. APulinsipolo anali atanena kale kuti sangalande satifiketi ya wophunzira aliyense popanda umboni woti anachita zachinyengo. Mlandu ukanathera pa mlembi, dzinalo likanakhalabe pa bolodipo.

"Mawa ndi kukhoti," Sajeni anauza mayi wa taipi. "Ngati pali chimene simunandiuze, nenani lero."

"Simunandifunse kanthu, bwana. Munangondiuza." Anasintha mwanayo bere. "Koma ndikufunseni ine. Mafunso aja amabadwa m'mawa wa tsiku la mayeso, ana atakhala kale pa mipando. Ndinagulitsa bwanji chinthu chisanabadwe?"

"Ayankhenitu, bwana," anatero apongozi aja. "Ophunzira ndinu."

Sajeni anadikira kuti mwanayo akhute, n'kutsekeranso mayi wake. Podutsa pa ofesi ya aInsipekita, bwana wake, anamva akumuitana.

"Fayilo ija yatha?"

"Yatsala pang'ono, bwana."

"Dzulo munati yatha."

"Mundipatse lero lokha."

* * *

Munthu amene anaika pulogalamuyo pa sukulupo ankamutchula kuti Injiniya. Anali wamfupi, wa magalasi okhuthala, wolankhula ngati basi ikumusiya. Sajeni anamupeza m'chipinda cha kompyuta, chozizira, chopanda zenera, mawaya atayanga m'mbali mwa khoma.

"Anthu amaganiza kuti muno muli kabati ya mafunso," anatero Injiniya. "Mulibe, Sajeni. Muli chakudya chake chokha. Mumaipatsa mabuku ndi manotsi a aphunzitsi, iyo imawerenga n'kusunga. Tsiku la mayeso aPulinsipolo amadina apa, basi, imayamba kuphika. Wophunzira aliyense mafunso akeake. Wa kumanzere imufunsa za mankhwala, wa kumanja za mabala. Kuonera mnzako n'kudzipweteketsa khosi. Akamaliza imachonga yokha."

"Munthu sangalowe tsiku lisanafike, n'kudina, n'kuona?"

"Angathe. Koma aona mafunso amene pa tsikulo sabweranso. Komanso imasunga aliyense wolowa ndi chimene wachita." Anatembenuza sikirini. "Onani nokha. Mayeso asanachitike palibe anapempha funso ngakhale limodzi. Ndinawauza aPulinsipolo zimenezi."

"Anati chiyani?"

"Anati ndikuikira kumbuyo katundu wanga. N'zoona, ndikumuikira kumbuyo, ana anga amadya pomwepa. Koma sindikunama."

Sajeni anayang'ana manambala pa sikirinipo osamvapo kanthu. Lolemba anali ataima m'chipinda chomwechi, Injiniya ali pakhomo akufuna kulankhula, iye n'kumuuza kuti adikire panja.

"Ndiye siilakwitsa?"

"Kulakwitsa ayi. Kupusa ndiye inde. Ili ngati mwana womvera kwambiri. Mukaiuza kuti mbuzi ili ndi miyendo isanu, ifunsa kuti mbuzi ili ndi miyendo ingati, ndipo woyankha kuti inayi imupatsa ziro mtima uli mbee. N'chifukwa chake ndinapempha kuti mphunzitsi mmodzi aziona mafunso asanafike kwa ana. Anakana." Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi tayi. "Mwamanga munthu pa mlandu wa kuba, Sajeni. Koma muno simunabedwe kanthu."

* * *

APulinsipolo anali namwino wakale, wa tsitsi loyera lomangidwa mothina, ndipo ankalankhula pang'onopang'ono ngati wina akulemba mawu awo.

"Ndinakana, inde. Inu simunalipo zaka za m'mbuyozi. Mapepala a mayeso ankatuluka muno ngati ali ndi miyendo. Mphunzitsi alemba funso lero, mawa likugulitsidwa ku hositelo. Ndinati basi, diso la munthu lisaonenso funso. Ngakhale langa."

"Nanga zimene kompyuta imadyazo amaona ndani?"

"Aphunzitsi amapereka kwa mlembi. Mlembi amalowetsa."

"Ndafunsa kuti amaona ndani, amayi."

APulinsipolo anawongola cholembera chimene chinali chowongoka kale pa tebulo.

"Ndi mabuku, Sajeni. Ali mu laibulale, aliyense amawerenga. Buku silichita kulonderedwa."

"Alipo anadandaula zotsatira zitatuluka?"

"Olephera onse amadandaula." Mawu awo anatsika. "Pali mtsikana wina. Anzake amamutcha Laibulale, chifukwa ankachita kumuthamangitsa m'menemo nthawi yotseka. Analowa muno osagogoda, akuti kompyuta yamunamizira. Ndinamuuza kuti makina alibe m'bale, alibe mdani. Ndinamutulutsa ngati wabwera kudzapempha. Zaka zitatu mwana ameneyo sanalepherepo kalikonse."

"Ali kuti?"

"Ku hositelo. Akumanga katundu."

* * *

Laibulale anali atakhala pa sutikesi kuti itsekeke. Anali wochepa thupi, wa maso ouma. Sanaimirire ataona yunifolomu.

"Mwabwera kudzamanganso wina?"

"Ndabwera kudzafunsa."

"Mwayambira kumapeto ndiye." Anakoka zipi, zipi n'kukana. "Funsani."

"Ukuti kompyuta inakunamizira. Unadziwa bwanji?"

"Ukamaliza imakuonetsa kanthawi kochepa, zobiriwira ndi zofiira. Kwa ine kunali kofiira ngati kopherako ng'ombe. Limodzi ndikulikumbuka mpaka lero. Inafunsa kuti mwana wakhanda akupuma ka 70 pa mphindi imodzi, uchita chiyani? Ndinayankha kuti ndiitana dokotala msanga, chifukwa khanda likafika pa 60 ndiye kuti zinthu sizili bwino. Zimenezi ngakhale okolopa kuwodi amazidziwa. Kompyuta inati ndalakwa. Akuti yankho lolondola n'lakuti mwanayo ali bwino, ndimubwezere kwa mayi ake."

"Mwina unaona molakwika."

"Limodzi, mwina. Koma mafunso a manambala pafupifupi onse? Ndinabwera kuno n'kutsegula buku. Ndinalondola ndine. Kenaka ndinapita kwa aPulinsipolo, ndipo mukuona kumene ndathera." Anamenya sutikesiyo ndi chikhatho.

Mbuzi ya miyendo isanu ija inadutsa m'mutu mwa Sajeni. Ngati kompyuta inadyetsedwa manambala abodza, odziwa zoona anayenera kugwa. Koma okhozawo bodzalo analidziwira kuti?

"Amene akhoza bwino aja, chimawagwirizanitsa n'chiyani?"

"Simukudziwa? Onse ndi ana a ku garaja."

Sajeni ankaidziwa garajayo. Anafunsabe, ngati sakudziwa.

"Garaja yanji?"

"Ya aMalume. Mphunzitsi wa za ana ndi mankhwala. Timawatchula choncho chifukwa aliyense amamuti mwana wa mlongo wanga. Loweruka amaphunzitsa mwapadera kunyumba kwawo, kwa amene makolo awo ali ndi kena kake. Ine bambo anga amasoka nsapato." Anamuyang'ana Sajeni bwinobwino, kuyambira pamphumi mpaka pachibwano. "Koma nkhope yanuyi ndinaionapo pa munthu wina. Muli ndi m'bale wanu pano?"

Sajeni anatseka buku lake n'kutuluka.

* * *

Anafika kunyumba masana, nthawi imene sankafika. Mzime anali pa balaza akusita yunifolomu yoyera yatsopano, wailesi ikuimba, iye akuyankhira.

"Asisi, mwaweruka kale? Kapena akuba onse atha?"

Sajeni anazimitsa wailesi. Anakhala pa mpando osavula chipewa.

"Ndikufunse funso la kusukulu kwanu."

"Mayeso ndinamaliza ine."

"Mwana wakhanda akamapuma, amafika pa kangati pa mphindi kuti uitane dokotala?"

Mzime anatembenuza kolala n'kuyendetsapo ayironi, osadzutsa mutu.

"Mukufuna yankho la kuwodi kapena la kompyuta?"

Atangomaliza anadzimva yekha. Dzanja linaima.

"La kuwodi," anatero Sajeni.

"60." Anadzutsa mutu. "Ayi, 80. Dikirani. 60 ndi ya kompyuta. Ayi... aMalume anati yaikuluyo ndi ya kompyuta, koma pa mankhwala a malungo yaing'onoyo ndiye..."

"Mwana ali m'manja mwako, mayi ake akukuyang'ana. Kangati?"

"Musandikalipire, asisi, mukundisokoneza."

Fungo la nsalu yopserera linadzaza m'nyumbamo. Mzime ananyamula ayironi, pa kolala patatsala chipsera chofiirira. Anachiyang'ana, kenaka anakhala pansi penipeni, pa simenti, n'kuyamba kulankhula maso ali pa mapazi ake.

AMalume anawauza miyezi ingapo mayeso asanafike. Anati kompyuta inachokera kunja ndipo ili ndi manambala akeake, osiyana ndi a m'buku. Ankawatchula pakamwa, ana n'kumaloweza ngati nyimbo. Kulemba ankaletsa. Kuuza wa kunja kwa garaja ankaletsanso.

"Iwe sunadabwe kuti anzako sakuuzidwa?"

"Ndinadabwa."

"Ndiye?"

"Ndiye chiyani? Munanditengera kumeneko ndinu. Munati ndikalepheranso ndibwerere kwa amayi ndikagulitse tomato. Zotsatira zitatuluka munandinyamula m'mwamba pompano. Ine amene ndakhala ndikukwawa zaka zonsezi, nambala yachitatu. Inuyo simunadabwe?"

Sajeni anali atadabwadi tsiku la zotsatiralo, asanamutsitse n'komwe. Kenaka anapita kukagula nsalu ya yunifolomu.

Anaimirira. Panali mawu amene anayenera kunena pamenepo, akuti vala nsapato tipite, koma sanawanene. Anaganiza kuti mwina aMalume angagwidwe mwa njira ina, dzina la Mzime osatchulidwa.

"Usachoke pakhomo," anatero.

* * *

Ali pa msewu anaimbira Injiniya kuti atsegule manotsi a za ana amene anali mu kompyuta, awayerekeze ndi buku la mu laibulale. Asanafike pa polisi, foni inalira.

"Sajeni, mbuzi ija ilipo," anatero Injiniya. "Mawu onse ndi a m'buku, koma manambala ndi osinthidwa. Osati onse. Apa ndi apo, mwaluso, munthu wodziwa ntchito. Kompyuta yanga yakhala ikulepheretsa ana chifukwa chonena zoona."

"Analowetsa ndani?"

"Mayi wa taipi. Dzina lake ndi limene likuoneka."

Sajeni analankhula naye pa kazenera ka chitseko cha chitokosi.

"Manotsi a za ana munataipa nokha?"

"Amenewo ayi. AMalume anabwera ndi fulashi ya manotsi, akuti buku latuluka latsopano, ndichotse akale ndiike awa. Anatinso asandivutitse kutaipa ndili ndi pakati. Ndinawathokoza."

"Fulashiyo ili kuti?"

"Anaitenga pompo."

"Analipo wina?"

"Inali nthawi ya nkhomaliro. Ndinali ndekha." Nkhope ya mayiyo inayandikira kazenerako. "Funso limeneli ndi lalifupi, bwana. Likanakwana Lolemba."

* * *

AMalume ankatsuka galimoto yawo kutsogolo kwa garaja, atapinda thalauza mpaka m'maondo. Anali bambo wonenepa bwino, wa kumaso kosekerera. M'garajamo munali mabenchi ndi bolodi lopukutidwa mbee.

"Aa, boma lafika. Mwana wa mlongo wanga, khalani apa pamthunzi. Madzi ozizira?"

"Mlungu wa mayeso munali kuti?"

"Ku msonkhano wa aphunzitsi, ulendo wa tsiku lathunthu kuchokera kuno. Anthu ambirimbiri anandiona, ena ndinavina nawo. Kiyi wa chipinda chija sindinamugwirepo. Kompyutanso ine ndimaiopa, foni yomweyi amanditsegulira ndi adzukulu."

"Sindikufunsa za mlungu wa mayeso wokha. Munapatsa mlembi fulashi ya manotsi."

"Fulashi yanji?" Anafinya chisanza m'ndowa, osafulumira. "Akutero ndi mayi uja? Ndimamumvera chisoni, ali ndi khanda. Munthu akakhala m'chitokosi amakumbuka zinthu zambiri zimene sizinachitike. Ali ndi mboni?"

"Manambala a m'manotsi anu ndi osinthidwa."

"Zala zimaterereka potaipa. Kapena anasintha dala, n'kumagulitsa kwa ana. Ine ndingadziwe bwanji? Dzina limene lili mu kompyutamo si langa."

"Amene anadziwa manambala abodzawo onse amakhala pa mabenchi awa."

"Chifukwa ndimaphunzitsa bwino. Afunseni." Anathira madzi pa galasi la kutsogolo n'kuyang'ana akutsetsereka. "Afunseni mmodzimmodzi, Sajeni. Koma amene anganene kuti ndinamuphunzitsa manambala a kompyuta akhala akung'amba satifiketi yake ndi manja ake. Zaka zitatu, ndi thukuta la makolo ake. Mukuganiza kuti alipo wopusa choncho?"

Sajeni anaona mlandu wonse uli poyera ngati galimoto yotsukidwayo, ndipo analibe pougwira. Kale bambo uyu ayenera kuti ankagulitsa mafunso. Kompyuta itamutsekera msika, anangoiphunzitsa bodza, n'kumagulitsa bodzalo. Koma kukhoti kukanafika mawu a mkaidi okha, otsutsana ndi a mphunzitsi wolemekezeka. Pankafunika munthu mmodzi amene anakhala pa mabenchiwo n'kumva ndi makutu ake, mayeso asanachitike.

Anatembenuka kuti azipita.

"Mng'ono wanu ali bwanji?" anafunsa aMalume kumbuyo kwake, mawu ali ofewa. "Mwana wabwino, womvera. Ndikukumbuka munabwera naye nokha pano, mutavala yunifolomu yomweyi. Abwana anu akudziwa, eti?"

* * *

Mzime anali adakali pa simenti pomwe paja. Ayironi inali itazizira.

"Vala nsapato."

"Tikupita kuti?"

"Ukanene zimene wandiuza. Kwa aInsipekita, osati kwa ine."

Mzime anamuyang'ana ngati akumva chilankhulo chachilendo.

"Andilanda satifiketi."

"Akulanda."

"Anzanga onse adzadziwa kuti ndine ndawagwetsa."

"Adzadziwa."

"Tilipo ambiri, asisi. Bwanji osatenga wina? Bwanji ine?"

"Enawo sangalankhule. Ndipo enawo si ine ndinawapititsa kumeneko." Sajeni anatola nsapato pakhomo n'kuziika patsogolo pake. "Mawa mayi uja akapita kukhoti, amutumiza kundende kukadikira mlandu. Mwana wake sanayambe n'kukhala komwe. Ndinamumanga ndine, ndikudziwa kuti dzina lako lili pa bolodi."

"Ndiye mukufuna mudzitsuke ndi ine."

Mawuwo anamulasa Sajeni pamalo pake.

"Mwina," anatero. "Koma masana ano ndakufunsa za mwana mmodzi, walephera. Mwezi wamawa akanakupatsa wodi yonse."

Mzime analira pang'ono, mosatulutsa mawu, akupukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja monga ankachitira ali wamng'ono Sajeni akamusambitsa madzi ozizira. Kenaka anakoka nsapato imodzi.

"Amayi muwauza ndinu," anatero. "Ine ayi."

Mu minibasi anakhala mpando umodzi. Kondakitala anafuna kuseka ndi Sajeni kuti boma sililipira, koma atawayang'ana kumaso anangolandira ndalama n'kuyang'ana kunja.

* * *

AInsipekita anamvetsera mpaka kumapeto osadula mawu. Anali munthu wosakonda phokoso, ndipo akakwiya ankalankhula motsitsa.

"Mtsikanayu ndi ndani wanu?"

"Mng'ono wanga, bwana. Bere limodzi."

"Munadziwa kuti ali m'gulu la okhozawo pamene munkatenga mlanduwu?"

"Ndinadziwa."

"Ikani fayilo pa tebulo. Mlanduwu si wanunso. Za inu tikambirana mawa, ndipo sizikhala zokoma." Anaitana konsitabo kuti alembe mawu a Mzime, n'kutuma ena awiri ku garaja ndi galimoto. Kenaka anakankha makiyi pa tebulopo. "Munamutsekera ndinu. Kamutsegulireni."

Apongozi aja anali atafika kale pa benchi ndi mwanayo, kudzayamwitsa kwa madzulo. Ataona chitseko chikutseguka mpaka kukhoma, anaimirira.

"Mukupita kunyumba," Sajeni anauza mayi wa taipi. "Papezeka mboni. Zotsala akuuzani aInsipekita."

Mayiyo anatuluka pang'onopang'ono, akuphethira. Chitseko cha ofesi chinali chotsegula pang'ono, ndipo m'katimo munkaoneka Mzime atakhala pa mpando, manja ali pakati pa maondo, akulankhula. Mayi wa taipi anamuyang'ana, n'kuyang'ana Sajeni, n'kuyang'ananso mtsikanayo.

"Ameneyu ndimamudziwa. Fomu yake ndinataipa ndine. Ndi wanu?"

"Ndi wanga."

"Munadziwa liti kuti alimo?"

Kunena kuti lero kukanakhala kosavuta, ndipo palibe akanatsutsa pa benchipo.

"Lolemba. Ndisanakumangeni."

Mayiyo anagwedeza mutu ngati wauzidwa mtengo wa chinthu chimene ankaudziwa kale. Sanatukwane. Anatenga mwana wake, n'kumuika kumsana, n'kumanga nsalu mothina.

"Tiyeni, amayi," anauza apongozi ake. "Ayamwira kunyumba."

Sajeni anawaperekeza ndi maso mpaka pa geti. Palibe anacheuka. Anali adakaima pa khonde pomwepo, makiyi ali m'manja, foni italira m'thumba. Anali amayi ake. Anaisiya ilire kanthawi, kenaka anayankha.

"Mwana wanga, uli pa ntchito? Sindikuchedwetsa," anatero amayi, mawu ali odzaza ndi chimwemwe. "Telala akufunsa za diresi la tsiku lolandira satifiketi. Ndasankha la buluu, koma anzanga a kutchalitchi akuti mayi wa namwino avale zoyera. Iwe ukuti bwanji? Mzime sakuyankha foni, kaya wayamba kale kunyada."

Sajeni anakhala pa sitepe, n'kuvula chipewa.

"Amayi, muuzeni telalayo aime kaye," anatero. "Muli pafupi ndi mpando?"